Kadontho ka Guluu pa Chala cha Amayi

Moni owerenga okondedwa, kulikonse kumene tsamba lino lakupezani. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandibwereka mpweya mpaka lero ngakhale sindinali woyenera, ndithokozenso akonzi pondipatsa malo. Dzina langa sindilemba, chifukwa m'nkhaniyi muli mwana amene akukula, ndipo tsiku lina adzadziwa kuwerenga. Ndine mayi wopemphera, woimba kwaya kuyambira utsikana wanga. Komabe ndine amene ndinapasula banja la achimwene anga. Khalani nane mpaka kumapeto, kenako mundiweruze mmene mtima wanu ungakuuzireni.

1

Ntchito yanga ndi yokonza zikhadabo. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pa kampando kafupi m'saluni, mutu uli woweramira manja ndi mapazi a anthu. Ndimaviika zala m'madzi ofunda, ndimakankha kakhungu kamene kamamera patsinde pa chikhadabo, kotsalako ndikukadula ndi kasizasi kosongoka. Kenako tupa, mafuta, kyuteksi. Makasitomala ananditcha Manja a Silika, ndipo dzinali linandilowa m'mutu.

Mnzanga woluka tsitsi, amene tonse timamutcha Wailesi chifukwa sazima, ankakonda kundiseka.

"Iwe, tsiku lokafika kumwamba udzayamba wayang'ana zikhadabo za angelo usanapereke moni."

"Ndikadzapeza zosadula ndidzawakonza," ndinkayankha. "Ulemerero uyenera kukhala waukhondo."

Amayi athu ankadwala matenda a shuga, ndipo mapazi awo anali atachita dzanzi. Tsiku lina anayenda m'mawa wonse ndi kamsomali m'silipasi osamva kanthu. Ankakhala kwa achimwene anga, oyendetsa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu, munthu wopezeka pakhomo masiku owerengeka pamwezi. Wowasamalira anali mkazi wawo, mlamu wanga. Anasiya ntchito yake yosoka kuti azikhala ndi apongozi ake. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu, amene tinkamutcha Batani chifukwa cha kamphuno kake.

Namwino wa kuchipatala anamuphunzitsa mlamu wanga malamulo a mapazi, ndipo iye anawalemba pa katoni n'kukhoma kuseri kwa chitseko cha chipinda cha amayi. Mapazi osawaviika m'madzi. Zikhadabo kuzidula mowongoka, m'makona osalowamo. Kakhungu ka patsinde osakakhudza, chifukwa ndi mpanda wotchinga tizirombo. Kabala kalikonse, ngakhale kochepa ngati diso la singano, kuchipatala tsiku lomwelo.

Loweruka lililonse mlamu ankayala thaulo pamiyendo pake, n'kunyamula phazi la amayi ngati dzira. Ine ndikapezekapo ndinkalephera kugwira pakamwa.

"Alamu, mukudula zikhadabo kapena mukucheka matabwa?"

"Ndi mmene anatiuzira anamwino, alamu."

"Anamwino amadziwa jakisoni. Zikhadabo muzitisiyira eni akefe."

Amayi ankaseka mpaka kutsokomola. "Musiye mpongozi wanga, iwe. Koma zoona mapazi angawa asanduka a nkhuku. Bambo anu anandifunsira ataona mapazi amenewa, mukudziwa inu?"

Mlamu ankangomwetulira, maso ali pa ntchito yake. Sanandiyankhepo mwamwano ngakhale tsiku limodzi.

2

Linali Lachiwiri m'mawa, ndili pakati popaka kyuteksi kasitomala, pamene foni inalira. Anali mlamu.

"Alamu, bwerani kuchipatala. Chala chachikulu cha amayi chatupa, thupi latentha, akulankhula zosamveka."

Ndinasiya dzanja la munthu lili ndi zala zitatu zofiira, ziwiri zoyera. Wailesi anandithamangira ndi chikwama changa mpaka pamsewu.

Ndinapeza achimwene atafika kale, atangotsika m'galimoto, malaya akununkha dizilo. Phazi la amayi linali pa pilo. Chala chinali chakuda ngati biringanya, ndipo kufiira kunali kutakwera mpaka pa kakolo. Fungo lake sindidzalifotokoza.

Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anatiitanira pambali atanyamula kambale kachitsulo. M'menemo munali kanthu kouma, koonekera, kochepa ngati mamba a nsomba.

"Amene amasamalira mapazi a mayiwa ndi ndani?"

"Ndine," anatero mlamu.

"Ichi tachichotsa patsinde pa chikhadabo. Ndi guluu. Munthu wina anacheka khungu, ndipo m'malo mobwera nawo kuno anamata balalo. Pamwamba panaoneka bwinobwino, pansi mafinya akudya nyama. Mukanabwera tsiku lomwelo, bwenzi tikungotsuka n'kumanga. Pano tiyesetsa, koma sindikulonjezani chalachi."

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mkazi wawo. Ine ndinagwira khoma.

3

Mawa lake masana tinakumana pabalaza pa achimwene. Panali amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi akazi awo, achimwene, ine, ndi mlamu amene anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Batani anamutumiza kukasewera kwa oyandikana nawo.

Achimwene anaponya patebulo kachubu ka guluu kofinyidwa theka.

"Ndakapeza m'dilowa ya makina ake osokera."

"Ndinamatira nsapato ya Batani," anatero mlamu. "Nsapatoyo ilipo, mukhoza kuiona."

"Nsapato ndi amayi anga, zonse umamatira guluu mmodzi?"

"Bambo a Batani, ine sindinawacheke amayi. Loweruka lapitali sindinadule n'komwe. Ndinapeza zikhadabo zili zazifupi kale."

"Zinadzidula zokha?" anafunsa akazi a amalume. "Kapena ndi makoswe?"

Amalume anakweza dzanja. "Tisakuwe. Cholakwa aliyense amalakwa, mwana wanga. Dzanja limaterereka. Chimene chikutipweteka ndi kubisako. Ukanangonena, bwenzi mlongo wanga ali pakhomo pano. Vomera, tione pogwira."

"Sindingavomere chimene sindinachite, amalume."

Kenako anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anapempha foni ya achimwene, mmene munali chithunzi cha phazi la amayi chimene anajambula kuchipatala. Anayenda chogwada mpaka pamene ndinakhala, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Alamu, inu ndinu katswiri, ntchito yake ndi yanu. Ine ndimadula mowongoka, mumandiseka nazo nthawi zonse. Taonani makonawa mmene azungulira. Taonani patsinde, kakhungu kulibe. Auzeni anthuwa. Ntchito imeneyi ndi ya manja anga?"

Onse anandiyang'ana. Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka foni inazima yokha m'manja mwanga.

"Iyi ndi ntchito ya munthu wophunzirira," ndinatero. "Munthu amene amaonera ena n'kumati nanenso ndiyese. Ndakhala ndikukunyozani kadulidwe kanu, alamu. Mwina munafuna kundionetsa kuti nanunso mumatha."

Mlamu sanalire. Anangondiyang'ana m'maso, ngati munthu amene akuwerenga kalata yovuta.

Achimwene anaimirira. "Wamva wekha. Longedza. Munthu wobisa bala la amayi anga sangandilerere mwana. Batani atsala."

Dzuwa lisanapendeke mlamu anatuluka ndi chikwama chimodzi, makina osokera ali pamutu. Batani anamuthamangira mpaka pageti, ndipo amene anamugwira mwanayo kuti asatuluke ndinali ine.

4

Chala anachidula Lachisanu. Patatha milungu iwiri anadula theka la phazi. Mwezi usanathe anadula mwendo wonse m'munsi mwa bondo.

Amayi anabwerera kunyumba pa njinga ya olumala, atachepa ngati mwana. Ine ndinasamukira kwa achimwene kuti ndiziwasamalira, kusaluni n'kumapita masana okha. Katoni ya malamulo ija inali ikadali kuseri kwa chitseko, yolembedwa ndi dzanja la mlamu, ndipo ndinayamba kuitsatira mzere ndi mzere pa phazi lotsalalo. Kasizasi kanga sikanalowenso m'chipinda chimenecho.

Kutchalitchi ananditamanda. Mtsogoleri wa amayi a mumpingo anandiimiritsa kutsogolo.

"Taonani mwana wolemekeza amake! Ena amapasula, ena amamanga."

Anthu anawomba m'manja. Tsiku limenelo kwaya inaimba nyimbo ya mwazi umene umayeretsa wochimwa kuposa chipale, ndipo ndinkatsogolera ndine. Pa ndime yachiwiri mawu anandithawa. Anthu anati ndagwidwa ndi Mzimu.

Amayi anasiya nthabwala. Ankakhala chotembenukira kukhoma, ndipo dzina la mpongozi wawo likatchulidwa ankatseka maso. Amalume atawafunsa kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni, anangoti, "Ine mapazi anga samva. Ndingadziwe bwanji?"

Amene anandisowetsa mtendere anali Batani. Anayamba kudziluma zikhadabo. Ankaluma mpaka kufika pa mnofu, n'kumasenda kakhungu ka m'mbali ndi mano mpaka magazi. Ndinamupaka mafuta, ndinamumanga mabandeji, ndinamulonjeza kyuteksi wa pinki zikadzamera. Sizinathandize.

Tsiku lina ndikumutsuka tizala take anandifunsa, "Azakhali, amama anawadula agogo mwendo?"

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Anzanga kusukulu. Akuti amama anga ndi mfiti ya guluu."

Ndinamukumbatira kuti asaone nkhope yanga.

5

Patapita miyezi isanu achimwene anabwera ndi envelopu ya khaki.

"Ndapita kukhoti. Banja lithe mwalamulo, mwana akhale wanga. Tsiku ndi la pa 14 mwezi wamawa. Iwe ukakhala mboni, ukanene zimene unanena pabalaza zija. Kalata yakeyi kamupatse ndiwe, ine sindifuna kumuona."

Mlamu ndinamupeza m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, akusoka mayunifolomu a sukulu. Munali makina, matiresi oimikidwa kukhoma, ndi chithunzi cha Batani chopanikizidwa pa galasi. Anali ataonda. Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pa mulu wa nsalu.

Anawerenga kalatayo mpaka pansi, n'kuipinda bwinobwino.

"Batani akudya?"

"Akudya."

"Nanga phazi la amayi lotsalalo? Muziyang'ana pakati pa zala, alamu, makamaka kachala kakang'ono ndi kotsatira. Pamakonda kunyowa pamenepo. Mafuta osapaka pakati, pamwamba ndi pansi pokha. Ndipo nsapato muziyamba mwalowetsamo dzanja musanawaveke."

Munthu tinamuthamangitsa ngati galu wakuba, ndipo ankadera nkhawa kachala ka apongozi ake.

Ndinaimirira kuti ndizipita. Ndili pakhomo analankhulanso, mawu ake ali ofatsa ngati kale.

"Lachinayi lija ndinapita ndi Batani kokachotsa dzino. Pobwera ndinapeza beseni lili lonyowa, thaulo lili pachingwe. M'chipinda cha amayi munkanunkhira mafuta aja a mandimu, a kusaluni kwanu. Zikhadabo zonse khumi zinkawala. Nditawafunsa amayi anati adzikonza okha ndi tupa yanga. Munthu amene satha kuwerama kuti avale sokosi. Ndinayang'ana chala chilichonse, bala sindinalione. Munamata bwino, alamu. Ndinu katswiri ndithu."

Ndinagwira chitseko.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Ndinawauza bambo a Batani panja pa chipatala, tsiku lomwe lija. Anati ndikadzatchulanso dzina la mlongo wawo adzandichotsa mano. Ndiye ndinati ndikufunseni inuyo pamaso pa onse. Ndinkati munthu woimba za mtanda Lamlungu lililonse sangathe kunama atagwira chithunzi cha phazi la amake." Anabwerera pa makina n'kulowetsa ulusi m'singano. "Kukhoti mukalumbira mutagwira Buku. Ndikufuna ndikaone ngati dzanjalo likanjenjemere."

6

Tsopano ndikuuzeni za Lachinayi limenelo, owerenga, chifukwa ndakhala ndikulizungulira ngati mmene munthu amazungulira dzenje.

Kusaluni kunalibe magetsi, ndiye ndinati ndikawaone amayi. Chikwama cha zipangizo chinali paphewa monga mwa masiku onse. Ndinawapeza okha m'chipinda mwawo, akuyang'ana mapazi awo.

"Mwana wanga, Lamlungu ndikufuna ndivale nsapato zotsegula zija. Koma taona zikhadabozi. Anthu osawadziwa umawakongoletsa, amako ayi?"

"Alamu akadziwa adzakwiya."

"Ali kwa dokotala wa mano, abwera madzulo. Wamva kuti khoma limalankhula?"

Sanandikakamize. Ndinasangalala. Ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mafuta, ndinagwada pansi n'kuika mapazi awo m'beseni. Mumtima ndinkadziyerekeza ndi Ambuye pamene anamanga thaulo m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Tinaimba limodzi, amayi akutsogolera, ine ndikupolokoza. Katoni ya malamulo inali kuseri kwa chitseko, masitepe asanu kuchokera pamene ndinagwada. Ndinkaidziwa pamtima, koma ndinati malamulo amenewo ndi a anthu osadziwa ntchito.

Ndinazungulitsa makona. Ndinakankha kakhungu, ndinayamba kudula. Zala zisanu ndi zinayi zinatha bwino. Pa chala chachikulu cha kumanzere amayi anaseka nthabwala yawo yomwe, phazi linagwedezeka, kasizasi kanalowa.

Kanali kabala kochepa. Kadontho kamodzi ka magazi, kenako kachiwiri. Amayi sanamve kanthu, ankaimbabe.

Kusaluni zikatere tili ndi kachinyengo kathu. Umapukuta ndi thonje, umadontheza guluu womatira zikhadabo zoikirira, umauzira, bala latsekeka. Kasitomala amanyamuka osadziwa. Ndinachitapo zimenezi kambirimbiri pa anthu athanzi, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Dzanja langa linapita lokha m'chikwama.

"Ukutani pamenepo?" anafunsa amayi.

"Ndakukandani pang'ono. Palibe kanthu."

Anawerama mmene akanathera, anaona thonje lofiira. Tinayang'anana.

"Kuchipatala akatifunsa kuti wacheka ndani," ndinatero. "Ndipo alamu..."

"Mata," anatero amayi. "Mata msanga asanabwere."

Ndinamata. Ndinapukuta chikhadabo mpaka guluuyo anawala mofanana ndi chikhadabocho. Lachisanu ndinaimba foni, anati ali bwino. Lamlungu anavala nsapato zotsegula, amayi a kutchalitchi anawayamikira mapazi, ine ndinathokoza Mulungu kuti zadutsa. Masiku onsewo chala chinkaola pansi pa ntchito yanga yokongola.

7

Kuchokera kwa mlamu sindinapite kusaluni. Ndinapita molunjika kuchipinda cha amayi n'kutseka chitseko.

"Amayi, ndikukawauza achimwene."

Anatembenuka msanga kuposa mmene ndinawaonerapo chidulireni mwendo.

"Wapenga? Akupha. Kutchalitchi udzalowa ndi nkhope iti? Ndi ndani adzakupatsenso dzanja lake kuti ulikonze?"

"Akufuna ndikalumbire kukhoti. Batani amulanda mpaka kalekale."

"Mkazi uja ndi wamng'ono, adzakwatiwanso, adzabala ena. Iwe ndiwe wanga, ndinakubala ndekha. Chibale ndi fupa, sichiola." Anamenya chitsa cha mwendo wawo ndi chikhatho. "Ndataya mwendo ndili chete kuti iwe usataye dzina. Ukufuna ndiutaye pachabe?"

"Mwendowo simunaupereke, amayi. Ndinaudula ndine. Ndipo amene akulipira ndi munthu amene anakusambitsani zaka zinayi."

Analira. Aka kanali koyamba kulira chichokereni kuchipatala. "Ndimamulota," anatero. "Amabwera ndi thaulo lake, ndimabisa phazi."

Achimwene anali panja, atagona pansi pa galimoto ndi sipanala. Ndinagwada pafumbi pafupi ndi miyendo yawo. Ndinaona kuti n'kwapafupi kulankhula ndi miyendo kusiyana ndi nkhope, ndiye ndinayamba asanatuluke. Ndinanena zonse, beseni, kasizasi, guluu.

Phokoso la sipanala linasiya. Anatuluka pang'onopang'ono, nkhope ili ndi girisi. Ndinatseka maso kudikira khofi. Silinabwere.

"Anakupatsa foni ndi manja awiri," anatero ndi mawu otsika. "Atagwada. Iwe unayang'ana chithunzi chija, n'kuona ntchito ya manja ako."

"Eya, achimwene."

"Ndipo unamugwira mwana wanga pageti."

"Eya."

"Anandiuza. Mkazi wanga anandiuza, ine ndinamulonjeza kumuchotsa mano." Anayang'ana manja awo akudawo. "Usanditchulenso achimwene. Amayi uziwasamalira, ndi ngongole yako kwa Mulungu. Koma ndikakhala pakhomo pano, usandidutse kutsogolo."

Anasamba, anavala malaya oyera, anamunyamula Batani, n'kunyamuka.

8

Anabwera okha dzuwa likulowa. Zimene zinachitika kumeneko anafotokozera amalume pabalaza, ine ndikumvera kukhitchini.

Batani atawaona amake anakuwa mpaka anthu a m'sitolo anatuluka. Mlamu anamunyamula, anaona tizala take tolumidwa, n'kutipsompsona kamodzikamodzi. Achimwene anagwada pakati pa zidutswa za nsalu, bambo wamkulu ngati uja, n'kupempha kuti abwerere kunyumba.

Mlamu anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Bambo a Batani, ine nditanena zoona munandithamangitsa. Mlongo wanu atanena bodza munakhulupirira. Lero mwabwera chifukwa wanenanso ndi yemweyo. Mawu anga m'nyumba mwanu alibe kulemera. Mawa akadzasintha nkhani, ndidzasenzanso makina?"

Pa 14 tinapitadi kukhoti. Ndinagwira Buku, dzanja linanjenjemera, ndinanena zoona. Banja linatha, koma wopempha anali mlamu, ndipo mwana anapita ndi amake. Potuluka ndinamuthamangira pa masitepe.

"Alamu, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukirani kalekale, ndikanapanda kutero bwenzi nditapenga," anatero. "Koma si inenso mlamu wanu. Ndipo kwathu musadzabwere."

Lamlungu lotsatira ndinaimirira pamalo pomwe ananditamandira paja, n'kuuza mpingo wonse. Palibe anawomba m'manja. Kwaya ndinaisiya ndekha. Makasitomala ena anathawa, ena anatsala. Wailesi, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, anakhala tsiku lathunthu osalankhula, kenako anatenga botolo la guluu la patebulo langa n'kulemba papepala lomata kuti: la zikhadabo zokha.

Amayi anakhalanso ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri. Impso zinatopa. M'masiku awo omaliza ankangoitana mpongozi wawo, ndipo iye anabwera kamodzi, masana, atagwira Batani padzanja. Ine ndinatuluka kukadikira pabenchi. Zimene analankhulana sindikuzidziwa. Ndinangomva amayi akulira mokweza ngati mwana, ndi mawu ofatsa aja akuwapempherera. Anamwalira patatha masiku atatu. Achimwene mpaka lero akandiona ndikubwera amawoloka msewu.

Owerenga anzanga, anthu amati ndinachita bwino kuulula. Musanditamande. Ndinaulula mwendo utapita, banja litasweka, mwana atatchedwa wa mfiti. Chikhululukiro cha Mulungu ndimachikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndi chokhacho chimene chimandidzutsa m'mawa. Koma chikhululukiro sichimeretsa mwendo. Akuluakulu anati mlandu suola, ine ndaona kuti umaoletsa zonse zouzungulira.

Kabala kaja sikanali tchimo. Dzanja limaterereka, amalume ananena zoona. Tchimo linayamba pamene ndinaopa manyazi a ola limodzi pamaso pa namwino kuposa mmene ndinaopera moyo wa amayi anga. Ngati muli ndi wodwala shuga pakhomo, mverani zimene akuuzani kuchipatala, ngakhale mutakhala katswiri wotani, ndipo kabala kakaoneka thamangani nako kakadali kofiira. Ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu pamene mukuwerenga pano, pindani magaziniyi, valani nsapato, mupite lero. Ine ndinadikira miyezi isanu, ndipo tsiku lililonse linali ndi mtengo wake umene analipira ndi ena.

Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Adalitse manja anu kuti chimene agwira chichire. Akupatseni lilime lonena zoona nthawi ikadalipo, ndi makutu omva wofatsa akamalankhula. Atonthoze aliyense wothamangitsidwa popanda chifukwa, ndipo amubwezere zaka zimene anthu onga ine tinamudyera. Mtendere wake ukhale pa inu. Ameni.